Wonenepa, Wosamva ndi Mwana wa Mkaidi Apanga Bandi

Mwana akangofika pakhomo gitala ili kumsana, makolo ambiri mtima umagunda. Amaona chamba, amaona mabotolo, amaona sukulu yathera panjira. Ndipo musaganize kuti mantha amenewa ndi a kwathu kuno kokha. Ngakhale ku America, bambo akamva ng'oma zikulira m'galaja amayamba kufunsa kuti kodi mwanayu walowa gulu lanji.

Koma alembi a kumeneko adaonapo msika. Kuli mabuku a nthano ambirimbiri olembera ana a zaka 11 mpaka 18 omwe msana wake ndi umodzi: ana osayembekezeka akumana, apanga bandi, akangana, agwirizananso, kenaka akwera pa nsanja. Ena mwa mabukuwa ndi a ana a middle school, omwe tingawafanizire ndi athu a Sitandade 6 mpaka 8. Ena ndi a anyamata ndi asungwana a ku sekondale.

Tinene zoona, ambiri mwa mabuku otere ndi phala lamadzimadzi. Vuto lake n'lakuti nyimbo simveka papepala. Mlembi akhoza kulumbira masamba khumi kuti gitala idalira mpaka denga kugwedezeka, koma iwe wowerenga sumva kanthu. Chomwe chimatsala m'buku la bandi ndi anthu ake basi. Ndiye ine muyeso wanga ndi umodzi: kodi ubwenzi wa m'bukumo wamudyera chiyani mwanayo? Ngati onse akungosekererana kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, bukulo libwerere pa alumali.

Tiyambe ndi la ana ang'ono. The First Rule of Punk lidatuluka mchaka cha 2017, ndipo adalemba ndi Celia C. Pérez, mayi wogwira ntchito mu laibulale ku Chicago, yemwe mayi ake ndi a ku Mexico, bambo ake a ku Cuba. Nkhani yake ndi ya kamtsikana ka zaka 12, María Luisa, kodziwika kuti Malú. Makolo ake ukwati udatha. Bambo ake ndi mzungu wa shopu yogulitsa zimbale ku Florida, ndipo ndi amene adamuphunzitsa kukonda punk, nyimbo zaphokoso, zothamanga, za anthu okana kuuzidwa zochita. Mayi ake ndi mphunzitsi wa pa yunivesite wa mtundu wa ku Mexico, wonyadira chikhalidwe cha kwawo mpaka mwana adawapatsa dzina loti SuperMexican.

Mayiwa atapeza ntchito ya zaka ziwiri ku Chicago adanyamula mwana. Tsiku loyamba lenileni pa sukulu yatsopano, Malú adalowa m'mavuto chifukwa chodzipaka utoto wakuda m'maso. Chisipanishi amachita chothyola. Zakudya zina za kwawo sazifuna. Posakhalitsa mtsikana wina, Selena, adamutcha kokonati, kutanthauza kuti kunja ndi wakhungu la kwawo koma mkati ndi mzungu. Amene mudabwererako kumudzi patchuthi n'kusekedwa kuti lilime lanu ndi la m'tauni mukudziwa kuwawa kwake.

Malú sadalire. Adatola anzake atatu, Joe, Benny ndi Ellie, n'kupanga bandi, dzina lake The Co-Co's, kulitenga pa chitonzo chomwe chija. Mphunzitsi wamkulu atawakana pa chionetsero cha luso cha pasukulu, iwo adakonza chawochawo panja. Ndipo nyimbo yomwe adayimba ndi Cielito Lindo, nyimbo yakalekale ya ku Mexico yomwe agogo amaidziwa, koma ataithamangitsa mwa punk.

Chokoma m'bukuli ndi mayi ake a Joe, a Hidalgo, omwe ali ndi kamalo kogulitsira khofi. Iwowa ndi amene adamutsegula maso Malú kuti anthu a mtundu wake akhala akuyimba punk kuyambira kale, kotero palibe chifukwa chosankha pakati pa bambo ndi mayi. Mkati mwa bukuli mulinso timagazini tomwe Malú amadzipangira ndi sizasi ndi guluu, ndipo mwana wowerenga akhoza kutengera mawa lomwe. Lidalandira ulemu wa Pura Belpré mchaka cha 2018. Pa muyeso wanga uja, ubwenzi wa anayiwa ndi wopepuka. Amakangana pang'ono, mawa lake agwirizana. Nkhondo yeniyeni ili pakati pa mwana ndi mayi ake, omwe amawabisira za bandiyo. Koma kwa mwana wa Sitandade 7 wodziwa Chingerezi, mpatseni osaopa kanthu.

Lotchuka kuposa onse mwina ndi Lemonade Mouth la Mark Peter Hughes, la mchaka cha 2007, makamaka chifukwa a Disney Channel adalisandutsa kanema mchaka cha 2011. Amene adaonera kanemayo asanamizire kuti bukuli amalidziwa. Kanema adalichapa ndi sopo mpaka kuyera mbee.

Ana asanu a chaka choyamba pa sekondale ina ku Rhode Island adakumana pa chibalo. Chibalo cha kumeneko n'kukhala m'kalasi anzako ataweruka, eti, pomwe kuno akadawagawira zikwanje. M'chipinda chapansi momwe adawatsekeramo, nyimbo ya malonda idalira pa wailesi, wina adayamba kugogoda, wina kung'ung'udza, mphunzitsi wa nyimbo mayi Reznik n'kumva kuti apa pali kanthu.

Taonani anthu ake. Olivia, woyimba wake, ndi wamanyazi oopsa, amakhala ndi agogo ake, ndipo akusunga chinsinsi choti bambo ake ali kundende. Wen, wa lipenga, bambo ake akufuna kukwatira mtsikana wamng'ono kwambiri, ndipo choipa n'chakuti Wen yemweyo mtima wake wagwera pa mayi wopezayo. Mo ndi mwana wa makolo ochokera ku India omwe akufuna mwana wangwiro, pomwe iye ali ndi chibwenzi chamseri, ndipo amaliza chigitala chachikulu choimika pansi, mkulu wake wa babatoni. Charlie wa ng'oma amalankhula mumtima ndi mnzake wamapasa yemwe adamwalira pobadwa. Stella wa ukulele wangosamuka kumene kuchokera ku Arizona ndipo amadziona mbuli pabanja la anthu anzeru.

Zida zake zokha zikukuuzani kuti iyi si bandi ya madolo: ukulele, lipenga, ng'oma zamanja. Madolo a pasukulupo ali ndi yawo, Mudslide Crush, ndipo sakufuna wopikisana naye.

Nkhani idakula sukulu itachotsa makina ogulitsa chakumwa cha mandimu chomwe anawa amakonda, chifukwa idapangana ndi kampani ya zakumwa zoziziritsa kukhosi yomwe imathira ndalama ku zamasewero. Zikuoneka zazing'ono. Koma funso lake ndi lalikulu ndithu: sukulu ndi ya ndani, ya ana onse kapena ya osewera mpira ndi amene wabwera ndi cheke? Ana onse oiwalika a pasukulupo adaima pambuyo pa bandiyo.

Hughes adalemba bukuli ndi pakamwa pambiri. Mutu uno akusimba Stella, winawo Wen, winawo mwana wamba woonerera. Njira imeneyi imakometsa chifukwa umaona momwe mnzako amakuonera iwe usakudziwa. Koma penapake mawu amachuluka ngati pa msonkhano wa mafumu, ndipo mavuto asanu a ana asanu amathera pamodzi mwaudongo wokayikitsa. Moyo sutero. Komabe ndimupatse ulemu pa chinthu chimodzi: pa mpikisano waukulu anawa adafika ali mbwerekete, wina mawu atatha, wina dzanja litavulala, wina akudwala, ndipo adalephera kuyimba. Oonerera ndi amene adawayimbira nyimbo yawo. Mlembi waulesi akadawapatsa chikho.

Chinthu china chomwe wowerenga wa kuno angadabwe nacho m'mabuku onsewa ndi kuphweka kwa zida. Lipenga lili kusukulu, ng'oma zili m'chipinda chapansi, gitala ili kwa amalume. Palibe mwana wosema banjo ndi chigubu cha mafuta, kapena wosula zingwe ku mawaya a buleki ya njinga. Komatu nkhani za ana opanga bandi ife tili nazo zenizeni. Donald Kachamba adali kamnyamata pomwe Gerhard Kubik adakumana ndi bandi ya iye ndi mkulu wake Daniel ku Blantyre mchaka cha 1967. Alleluya Band idayamba ku Balaka mchaka cha 1978 ndi achinyamata a pa parishi. Alembi athu, nsima iyo yapsa kale.

Tibwerere ku America, mumzinda wa Seattle. Five Flavors of Dumb la Antony John lidatuluka mchaka cha 2010 ndipo chaka chotsatira lidapata mphotho ya Schneider Family Book Award, yomwe imapita ku mabuku osimba bwino za ulumali. Mlembiyu adabadwira ku England ndipo sukulu yake ndi ya nyimbo. Koma mwini nkhani m'buku lake ndi mtsikana wa zaka 18, Piper, yemwe ali ndi vuto la kumva kuyambira ali ndi zaka 6.

Piper adauza anyamata a bandi ya pasukulu, yotchedwa Dumb, kuti ndi zitsiru zosadziwa kupanga ndalama. Iwo adati chabwino, iweyo khala manijala, tikupatsa mwezi umodzi utipezere poyimba polipidwa. Dzina la bandiyo likuluma pawiri, chifukwa pa Chingerezi liwulo limatanthauza chitsiru komanso ndi lomwe ankanyozera nalo anthu osalankhula.

Manijala wosamva nyimbo! Mukhoza kuseka, koma apa m'pomwe John adachenjera. Popeza nyimbo simveka papepala, iye adasankha wosimba nkhani yemwe naye saimva bwino. Piper amaweruza bandi ndi maso. Amaona yemwe akuyang'ana mnzake ndi yemwe akungodziyang'ana yekha, amamva kunjenjemera kwa pansi, amawerenga milomo. Wowerenga ndi Piper ali m'bwato limodzi.

Ndalama akuzifuniranji? Apa ndiye pali fupa. Agogo ake, omwe nawo adali osamva, adamusiyira chuma choti adzaphunzirire ku Gallaudet University ku Washington, sukulu ya ukachenjede ya anthu osamva. Makolo ake adatapa ndalamazo osamufunsa n'kulipirira opaleshoni yoika kachipangizo m'khutu mwa mng'ono wake wakhanda, Grace, kuti iye azimva. Taganizani. Akulanda tsogolo, ndipo akukuuzanso mosanena kuti momwe ulilimu ndi chinthu chofunika kukonza. Bambo ake ngakhale chinenero cha manja sadavutike kuchiphunzira. Masamba a Piper ndi bambo akewa ndi amene amagwira pakhosi kuposa phokoso lonse la bandi.

Mu bandimo muli Josh, woyimba wodzimva, yemwe adalowetsa mtsikana wokongola, Kallie, osati chifukwa cha luso koma chifukwa akumufuna. Muli Tash, mtsikana waukali wodana ndi Kallie. Ubwenzi womwe ukumera pakati pa asungwana atatuwa, omwe poyamba sankaonana ndi diso labwino, ndiwo mtima wa bukuli. Piper yemwe si mngelo ayi, amachita ukathyali pa mapangano ndipo nthawi ina adafuna kumutaya Kallie chifukwa cha ndalama. Pomwe bukuli likufooka ndi pa ulendo wokaona nyumba za Jimi Hendrix ndi Kurt Cobain, akatswiri awiri a dera la Seattle omwe onse adamwalira ali ndi zaka 27, woyamba mchaka cha 1970, wachiwiri 1994. Pamenepo nthano imaima, mlembi n'kuyamba kuphunzitsa mbiri. Amene sadamvepo za Nirvana adzayasamula.

Ndingotchulako mongodutsa King Dork la Frank Portman la mchaka cha 2006, momwe anyamata awiri, Tom ndi Sam, amasintha dzina la bandi yawo kopitirira ka 20 pomwe kuyimba kwenikweni kuli kochepa. N'loseketsa, ndipo aliyense amene adakhalapo m'kagulu komwe kamathera nthawi pokangana za dzina ndi yunifolomu adzadziona. Koma momwe limasimbira asungwana silindisangalatsa, ndipo si la ana a pulayimale.

Tsopano tifike pa buku lomwe makolo angalitaye kudzala atangowerenga masamba awiri, lomwenso ine ndikuti ndilo shasha pa onsewa.

Fat Kid Rules the World la K. L. Going lidatuluka mchaka cha 2003 ndipo lidalandira ulemu wa Michael L. Printz mchaka cha 2004. Muli kutukwana kosawerengeka. Muli mankhwala ozunguza bongo. Mchaka cha 2007 akuluakulu a maphunziro m'boma la Pickens ku South Carolina adalichotsa m'malaibulale a sukulu zawo pa zifukwa zomwezo. Mchaka cha 2012 Matthew Lillard adalipanga kanema.

Troy Billings ali ndi zaka 17 ndipo amalemera makilogalamu 134, kuposa matumba awiri ndi theka a chimanga. Mayi ake adamwalira ndi khansa. Bambo ake ndi msilikali wopuma pantchito, munthu wosaseka. Mng'ono wake Dayle ndi katswiri wa masewero ndipo amachita naye manyazi. Bukuli likutsegula Troy ataima pa siteshoni ya sitima ya pansi pa nthaka ku New York, akuganiza zodziponya, ndipo chomwe chikumuvuta kwambiri n'chakuti mwina anthu aseka ngakhale imfa yake.

Amene adamudodometsa ndi Curt MacCrae, mnyamata woonda ngati bango, wauve, wonunkha, wogona paliponse pomwe kwamudera, koma woliza gitala mwakuti ana a sukulu amamutchula ngati mzimu. Curt sadamulalikire. Adangoti ndakupulumutsa, ndiye undigulire chakudya. Asadamalize kutafuna adalengeza kuti Troy ndiye woyimba ng'oma mu bandi yake yatsopano, Rage/Tectonic. Troy ng'oma adazigwirako kalekale ali wamng'ono, basi.

Apa wowerenga samadziwa kuti aime pati, ndipo ndi dala. Kodi Curt ndi bwenzi kapena ndi tambwali wopeza podyera ndi pogona? Yankho ndi lakuti zonse ziwiri. Amanama, amaba timankhwala m'nyumba za anthu, amasowa masiku osatsanzika. Koma ndi yekhayo mu New York monse amene akamuyang'ana Troy saona mafuta. Ndipo Troy naye akumudyera Curt: kudzera mwa iye akulowa m'malo momwe sakadaloledwa, anthu akumupatsa moni koyamba m'moyo wake.

Tsiku loyamba kukwera pa nsanja, Troy adagwidwa ndi mantha n'kusanza pamaso pa anthu onse, n'kuthawa. Going sadamuchitire chifundo. Palibe zoti mwana waphunzira ng'oma masabata asanu n'kusanduka katswiri usiku umodzi.

Munthu wodabwitsa m'bukuli ndi bambo uja. Mukamayamba mumati uyu ndiye mdani, msilikali wothamangitsa chidakwa cha mnyamata pakhomo pake. Koma bamboyu adamuyang'ana Curt n'kuona mwana wanjala yemwe kwawo adamutaya. Adamupatsa madzi osamba, zovala zochapa ndi chakudya, nkhope ili gwa. Makolo owerenga bukuli adzapeza kuti mlembi sadawanyoze. M'mabuku ambiri a achinyamata akuluakulu amakhala zitsiru kapena afiti. Muno kholo ndi lolimba komanso lothandiza, ndipo mwana akudzazindikira mochedwa kuti bambo ake akhala ali mbali yake nthawi yonseyi.

Amene simufuna kudziwiratu mathero lumphani ndime ziwiri zikubwerazi.

Curt adadwala n'kugonekedwa m'chipatala. Ali momwemo adayamba kubisa mapilisi opha ululu kuti adzatuluke nawo, ndipo Troy adaona. Tsono achite chiyani? Akaulula, Curt adzati wandigulitsa, ndipo Troy adzataya mnzake yekhayo amene ali naye padziko, pamodzi ndi bandi, pamodzi ndi moyo watsopano uja. Akakhala chete, mnzakeyo akupita kumanda iye akuonerera. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma sadanene kuti nthawi zina mwini ndevuyo amakuluma dzanja.

Troy adaulula kwa bambo ake, Curt ali pomwepo. Ndime imeneyo ndi yomwe mabuku ena atatu aja alibe. Malú adataya chiyani chifukwa cha anzake? Ana a Lemonade Mouth adaluza mpikisano koma adapeza khamu. Piper adaika ndalama pachiswe. Troy yekha ndi amene adaika ubwenzi weniweniwo pamoto kuti mnzake akhale ndi moyo, osadziwa ngati adzamukhululukira.

Ndiye za kutukwana zija titani? Sindingamupatse mwana wa zaka 11 buku limeneli, ndipo a ku Pickens akadangonena za ana ang'ono okha ndikadawamvetsa. Koma adalichotsa ndi ku sekondale komwe, komwe kuli anyamata a zaka za Troy omwe mawu amenewo amawamva tsiku ndi tsiku pa bwalo la mpira. Mnyamata wa Fomu 3 kapena 4 amene ali ndi mnzake yemwe wayamba kusuta, amene akulimbana ndi funso loti auze munthu wamkulu kapena asunge chinsinsi, sadzapeza funso lakelo m'buku loyera mbee. Going sakometsera mankhwala ngakhale pang'ono. Curt amanjenjemera, amadwala, amanunkha, ndipo luso lake lonse silimupezera pogona.

Chingerezi chake m'mabuku anayiwa si cha mayeso a MSCE. The First Rule of Punk ndilo losavuta, ngakhale muli mawu a Chisipanishi apa ndi apo. Fat Kid Rules the World lili ndi mitu ifupiifupi, ina tsamba limodzi lokha, moti ngakhale waulesi wowerenga amangoti ndiwerengeko umodzi wina, mpaka tambala kulira. Five Flavors of Dumb ndi Lemonade Mouth ndi otalikirapo ndipo amafuna wodekha.

Za ngati Curt adasiyadi mankhwala, kapena ngati Rage/Tectonic idatchuka, Going adakana kutiuza. Msilikali uja, munthu wa malamulo moyo wake wonse, adathandiza kumuzembetsa Curt m'chipatala usiku umodzi kuti akayimbe. Curt akadali wokwiya. Troy wakhala kuseri kwa ng'oma, anthu adzaza, wakweza timitengo m'mwamba, ndipo bukulo likuthera pomwe akuzimenya koyamba.